Walanti Yoonjezela pa Laputopu: Zimene Tiyenela Kudziwa Tisanalipile

Ambili a ife tinagulapo laputopu, kaya ya mu ofesi ya mpingo, kaya ya mwana amene wapita ku koleji. Pa nthawi yolipila, wogulitsa amafunsa ngati tifuna kuonjezelako ndalama kuti walanti italike kufika zaka ziwili kapena zitatu. Timavomela poganiza kuti ikadzaonongeka sitidzavutika. Koma tsiku lovuta likafika, ambili timabwelako okhumudwa.

Ifenso mu ofesi mwathu zinationekela. Laputopu imene munali maminitsi a misonkhano ndi malipoti a ndalama inaleka kuyaka m'caka cake caciwili. Tinaipeleka kokonza tili ndi mapepala onse. Mlungu uliwonse yankho linali lakuti cipangizo sicinafike. Pamene inabwela inali kuyaka bwino, koma zonse zimene tinasungamo zinali zitafafanizidwa. Okonzawo anationetsa mzele wina pa pepala limene tinasaina, ndipo tinasowa conena. N'cifukwa cake taona kuti n'kofunika kufotokozelana mmene walanti imeneyi imayendela.

Coyamba, walanti ili mitundu iwili. Pali ya kampani yopanga, monga HP, Dell kapena Lenovo, imene pa malaputopu ambili imakhala ya caka cimodzi. Iyi sitimaigula payokha, ili kale mu mtengo. Ndiye pali yoonjezela, imene ingagulitsidwe ndi kampani yopangayo, ndi sitolo, kapena ndi kampani ina yapadela. Kusiyanaku n'kwakukulu. Ngati lonjezo ndi la sitolo cabe, sitoloyo ikatseka, lonjezo nalo lingathele pomwepo. Tifunsenso kuti zaka zimayamba kuwelengedwa liti. Nthawi zambili akati zaka zitatu, caka coyamba cija ca kampani yopanga cili momwemo, ndiye kuti talipilila zaka ziwili cabe.

Caciwili, walanti ndi lonjezo lokonza zimene zaonongeka zokha cifukwa ca vuto la kapangidwe. Si inshuwalansi ya ngozi iliyonse. Laputopu ikagwa n'kusweka sikilini, tiyi akatayikila pa mabatani, kapena ikabedwa, walanti wamba siigwila nchito pokhapokha ngati tinalipilila citetezo ca ngozi mwapadela. Batile nayo kawilikawili imatetezedwa kwa caka cimodzi cabe, cifukwa amaiona monga cinthu cimene cimatha mphamvu pogwilitsidwa nchito. Mavailasi ndi mavuto a mapulogilamu sawelengedwa. Komanso ngati tinaipeleka kwa wokonza wa pa msika ndipo iye anaonongamo kanthu poitsegula, angakane kuilandila.

Kuno kwathu nkhani ya malaiti ndiyo yofunika kuisamala kwambili. Tonse tikumbuka 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kupita kwa maola ambili tsiku lililonse. Malaiti akabwela mwamphamvu angaoche chaja kapena zamkati mwa laputopu, ndipo mapangano ambili a walanti amanena poyela kuti kuonongeka kotele sakuwelengela. Conco kacipangizo kochinjiliza ku mphamvu ya malaiti, kapena cizolowezi cocotsa chaja ku khoma malaiti akapita, zingatithandize kuposa pepala la walanti.

Nanga n'cifukwa ciani kukonza kumacedwa conco? Sitolo imene tinagulako nthawi zambili si ndiyo imakonza. Imatumiza laputopu kwa okonza ovomelezeka, amene ambili ali ku Lusaka. Iwo amayamba apima, kenako apempha cilolezo kwa mwini walanti, ndiyeno aitanitsa cipangizo kucokela kunja, monga ku Johannesburg. Pa sitepe iliyonse pamapita masiku. Munthu wa ku Lundazi kapena ku Petauke amaonjezelaponso ndalama ya basi. Vuto lina ndi la malaputopu obwela ndi amalonda kucokela ku Dubai, ku China kapena ku Britain. Walanti ya ena mwa iwo imagwila nchito m'dziko kapena m'cigawo cimene anagulitsidwa poyamba, ndipo ena ndi ogwilitsidwapo kale nchito, walanti yao inatha. Tisanalipile, tingalembe nambala ya laputopu, imene imapezeka kunsi kwake, pa webusaiti ya kampani yopanga, ndipo idzationetsa tsiku limene walanti idzatha.

Za zimene tasungamo, okonza satenga udindo. Akasintha mbali yosungilamo zinthu kapena akaikamonso Windows, zonse zimapita. Ndi udindo wathu kukopela mafailo pa fulashi kapena pa intaneti nthawi zonse, osayembekezela kuti iyambe yadwala. Ngati muli maina, manambala a foni kapena nkhani zacinsinsi za anthu, tizicotse ngati n'kotheka tisanaipeleke. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti amene asunga nkhani za anthu ena azisamale.

Tisaganize kuti pepala la sitolo ndilo mapeto a nkhani. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa kugulitsa katundu woonongeka kapena wosagwila nchito imene anapangidwila. Limaletsanso kupacika zikwangwani zokana udindo, monga zija zakuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Limafunanso kuti nchito imene talipilila icitidwe mosamala, mwaluso ndi pa nthawi yoyenela. Bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, limene ambili timalidziwa kuti CCPC, limalandila madandaulo a ogula. Palinso khoti ya Small Claims Court, kumene munthu amadziimila yekha popanda loya.

Koma kulikonse kumene tingapite, adzafuna umboni. Conco tisunge lisiti ndi pepala la walanti, ndipo tizijambule pa foni cifukwa inki ya malisiti ambili imafufutika. Popeleka laputopu, tipemphe pepala loonetsa tsiku, nambala ya laputopu, vuto lake, maonekedwe ake, ndi zonse zimene tasiya, monga chaja. Tifunse tsiku limene idzakhala yokonzeka, ndipo alilembe. Akacedwa, tilembe kalata kapena uthenga m'malo moimba foni cabe, kuti pakhale cotsalila. Tikambe nao mwaulemu, pokumbukila kuti mnyamata kapena mtsikana wa pa kaunta si ndiye anapanga malamulo, koma tisaleke kufunsa.

Kodi ndiye kuti walanti yoonjezela ndi yosafunika? Iyai. Pa laputopu yatsopano yodula, yogulidwa kwa wogulitsa wovomelezeka, ingatipulumutse, cifukwa mbali yaikulu ya mkati ikafa mtengo wake umayandikila wa laputopu ina. Koma pa yochipa kapena yakale, mwina n'kwanzelu kusunga ndalamayo pambali kuti idzalipile wokonza wodalilika. Cacikulu, abale ndi alongo, tipemphe pepala la mapangano, tiliwelenge modekha, ndipo pamene sitinamvetse tifunse tisanatulutse ndalama m'thumba.