Kusaka Mbalame za Pheasant Zoweta ku Pennsylvania

Kusaka pheasant zoweta ndi ulenje umene boma limayamba laweta mbalame m'makola, kenako n'kuzimasula m'malo ake kuti alenje azisake. Pheasant ndi mbalame ya m'banja limodzi ndi nkhwali. Kwawo ndi ku Asia, ndipo inakhazikika ku United States m'zaka za m'ma 1880.

Chiyambi

M'chigawo cha Pennsylvania, pheasant zam'tchire zinali zambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Zinayamba kuchepa pamene ulimi wamakono ndi kukula kwa matauni zinawononga udzu umene zinkaikiramo mazira. Pofuna kuti ulenjewu usathe, bungwe la Pennsylvania Game Commission limaweta mbalame zoposa 200,000 pachaka.

Masiku oyambirira

Nyengo yosaka imatsegulidwa chakumapeto kwa Okutobala, ndipo alenje amakhamukira kumalo kumene mbalame zangomasulidwa. Mbalame yokulira m'khola siidziwa kuthawa. Imabisala m'udzu pafupi ndi pamene anaitula mpaka galu ataivumbulutsa, motero zambiri zimaphedwa m'masiku ochepa. Zopulumuka ku mfuti kawirikawiri zimagwidwa ndi nkhandwe kapena akadzidzi, ndipo n'zochepa zimene zimafika poswana. N'chifukwa chake bungweli limamasula mbalame kangapo pa nyengo imodzi, komanso limaweta zina chaka chilichonse.

Malamulo

Mlenje amaloledwa kupha mbalame ziwiri patsiku. Popeza anthu amathithikana, aliyense amavala chipewa ndi chovala chowala cha mtundu wa olenji kuti anzake asamuwombere mwangozi. Kuyambira mu 2017, alenje akuluakulu amagulanso chiphaso chapadera chimene ndalama zake zimathandiza kuwetera mbalamezi.