Makombola a Novembala ndi agalu a ku Britain

Ku Britain, usiku wa pa 5 Novembala anthu amaphulitsa makombola pokumbukira kuti mu 1605 Guy Fawkes ndi anzake analephera kuphulitsa Nyumba ya Malamulo. Anthu amakondwa, koma agalu amanjenjemera kunsi kwa bedi, amphaka amathawa pakhomo, mahatchi amadzivulaza pa mipanda. Khutu la galu limamva ngakhale phokoso lomwe ife sitilimva, ndipo iye sadziwa komwe kuphulikako kwachokera kapena kuti kutha liti.

Malamulo a mu 2004 amaletsa makombola kuyambira 11 koloko usiku mpaka 7 koloko m'mawa, kupatula masiku ochepa a zikondwerero, ndipo ogulitsidwa kwa anthu wamba phokoso lawo lisapitirire ma decibel 120. Bungwe loteteza nyama la RSPCA likufuna 90. Masitolo a Sainsbury's anasiya kuwagulitsa mu 2019.

Ine vuto ndimaliona pa mneba amene amaphulitsa kuseri kwa nyumba yake usiku uliwonse umene wafuna, mwinanso mlungu wathunthu. Chionetsero cha makombola cha khonsolo chimalengezedwa, ndiye mwini galu amatseka mazenera nthawi ikadalipo. Makombola aphokoso kwambiri asiyidwe m'manja mwa akatswiri, m'sitolo mutsale ofatsa okha.