Kusema Ndodo

Munthu wokalamba akamatsikira ku mtsinje nthawi ya dzinja, njira ili yoterera, atsamira ndi thupi lake lonse pa ndodo. Ndodoyo ikathyoka mwini wake agwa, ndipo mafupa a nkhalamba salunzika msanga monga a ana. Chifukwa chake mnyamata wofuna kusemera agogo ake ndodo ayamba waganizira za kulimba kwake. Zokongoletsa zibwera pambuyo.

Ntchito yoyamba ndiyo kusankha mtengo. Si mtengo uliwonse uyenera. Mlambe ndi wofewa, m'kati mwake muli ngati thonje. Mpapaya ndi wamphako. Amisiri akonda muwanga, tsanya ndi mlombwa, pakuti mitengo imeneyi ili yolimba ndipo chiswe sichiidya msanga. Mmisiri wanzeru afuna nthambi kapena mphukira yowongoka, yonenepa pang'ono kuposa ndodo imene aifuna, yopanda mfundo zazikulu. Pa mfundo ndi pamene ndodo ithyokera. Ndodo yosemedwa kuchokera ku nthambi yathunthu iposa yocheka m'thabwa, chifukwa mitsempha ya mtengo iyenda osaduka kuyambira kumutu kufikira kunsi.

Asanadule, mnyamata apempha kwa mwini munda kapena kwa mfumu. M'nkhalango za boma saloleza kudula popanda chilolezo, ndipo mitengo ya kumanda palibe mwana woleredwa bwino amene aikhudza. Nthawi yabwino yodula ndiyo ya chisanu, m'miyezi ya June ndi July, pamene madzi a m'mitengo achepa.

Tsono ifika ntchito imene anyamata ambiri ailephera, ndiyo kudikira. Mtengo wauwisi uli ndi madzi ambiri. Madziwo akamatuluka mtengo ufota, ndipo ukauma mofulumira ung'aluka. Ming'alu iyamba kunsonga, popeza madzi athawira kumeneko msanga kuposa m'mbali. Kotero mmisiri adula mtengo wotalika kuposa muyeso, kuti akataye nsonga zong'alukazo pambuyo pake. Makungwa sawasenda tsiku lomwelo. Amata phula la njuchi kunsonga zonse ziwiri, naika mtengowo pamthunzi, osati padzuwa iai. Malo abwino ndiwo kudenga la nyumba yophikira, kumene utsi uingitsa tizilombo tofumbwitsa mitengo. Ena amangirira mtengo ku nsichi yowongoka ndi luzi kuti usapindike pouma. Pamenepo ukhala miyezi yambiri. Mnyamata wosapirira, amene asema mtengo wauwisi, akondwa sabata imodzi yokha. Pambuyo pake apeza ndodo yake yakhota ngati uta, ndi mng'alu wodutsa pakati pa zokongoletsa zake.

Mutu wa ndodo upangidwa m'njira zosiyana. Ena akumba mphukira pamodzi ndi tsinde lake, nasema tsindelo likhale lobulungira monga la chibonga. Ena afuna nthambi ya mphanda, nasiya mbali imodzi yaifupi ikhale chogwirira. Ena apinda mutu mtengo ukali wauwisi: auwamba pamoto pang'onopang'ono kufikira utafewa, naupinda, naumanga ndi luzi kuti uumire pomwepo. Mutu wochita kulumikiza ndi msomali suli wokhulupirika, pakuti tsiku lina udzaguluka.

Ndodo iyesedwa pa mwini wake, osati pa wosema. Agogo aimirira mowongoka, manja ali chogwa m'mbali, ndipo pamene pali mfundo ya dzanja lawo ndi pamene mutu wa ndodo uyenera kulekeza. Ndodo yaifupi iweramitsa munthu nimupweteka msana. Yaitali itopetsa phewa. Podula kunsi, mnyamata achotsa pang'ono pokha, nayesanso, chifukwa mtengo wodulidwa subwerera.

Posema, ayamba ndi kasemasema kuchotsa makungwa ndi mabampu, kenaka atenga mpeni wakuthwa. Mpeni wobuntha ndiwo ucheka anthu, popeza munthu aukankha ndi mphamvu ndipo uterereka. Mpeni uyenda molunjika kutali ndi thupi, motsata mitsempha ya mtengo, ndipo dzanja logwira likhala kumbuyo kwake. Pamutu ena asema nkhope ya munthu, mbalame kapena mkango. Ena azokota njoka yozungulira ndodo. Koma mizere isalowe kwambiri, makamaka pakhosi pa ndodo, pakuti mzere wakuya uli ngati chiyambi cha kuthyoka. Ndiponso chogwirira chikhale chosalala. Mkango wa makutu osongoka ukoma m'maso, koma m'chikhatho cha nkhalamba utulutsa matuza.

Pali mtengo wina umene amisiri aulemekeza koposa, ndiwo phingo. Kunja kwake ndi koyera, koma mtima wake uli wakuda bii, wolemera ndi wolimba. Ku Ulaya apanga nawo zitoliro za mtengo wapatali. Phingo akula pang'onopang'ono, zaka 70 kapena kuposerapo asanakhwime, ndipo wachepa m'malo ambiri. Kuyambira chaka cha 2017 maiko anapangana kuti phingo asatuluke m'dziko popanda makalata a chilolezo. Mwana wophunzira kusema alibe chifukwa chowonongera mtengo wotere. Mitengo wamba imkwanira. Wofuna kuona ntchito ya amisiri enieni apite ku Mua, m'boma la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976, ndipo amisiri ambiri anaphunzira kusema kumeneko.

Kusema kutatha, mmisiri apala ndodo ndi phale la botolo, naikwecha ndi masamba okhakhala kapena sandipepala. Aipaka mafuta a nsatsi kapena phula, naipukuta ndi kansalu kufikira iwala. Kunsi aveka kamphira kodula ku tayala lakale, kuti ndodo isaterereke pamwala ndiponso isaphwanyike nsonga.

Asanaipereke, mnyamata aiyesa yekha. Aitsamira ndi mphamvu zake zonse, naigogoda pansi ndi kumvetsera. Ndodo yabwino ilira mawu amodzi omveka. Yokhala ndi mng'alu wobisika ilira mosasa, ndipo yotereyo ipita ku nkhuni ngakhale itakongola. Ikapambana mayeso, aitengera kwa agogo ake, nagwada, naipereka ndi manja awiri.