Musanagule masipika atsopano, onani kaye njira yomwe nyimbo ikudutsa

Mwanyamuka ku Lilongwe, ulendo wa ku Blantyre, mwaika nyimbo yanu yapamtima pa foni. M'makutu imamveka bwinobwino, koma ikangolowa mu wailesi ya galimoto basi "shiii", woimba ngati ali mumgolo. Ambiri apa amathamangira kukagula masipika ena. Ndalama n'kupita, phokoso n'kukhala lomwelo. Chonsecho nthawi zambiri vuto limakhala njira yomwe nyimboyo ikudutsa kuchoka pa foni kukafika pa wailesi.

Chingwe chikadalipo patsogolo

Ngati wailesi yanu ili ndi kabowo kolembedwa AUX, mwayi ndi wanu. Chingwe cha 3.5 mm chimapereka mawu oyera kuposa transmitter. Ngati zingwe zimakutopetsani, pali kachipangizo ka Bluetooth kosomeka m'kabowo komweko. Wailesi yokhala ndi USB nayonso njabwino: koperani nyimbo mu fulashi, foni ipume.

Nkhani ya galimoto zochokera ku Japan

Wopanda AUX amadalira FM transmitter, ija yosomeka poyatsira ndudu. Imagwira ntchito ngati kasiteshoni kakang'ono: imaulutsa nyimbo, wailesi n'kuikola. Msampha uli apa. Mawailesi ambiri obwera ndi galimoto za ku Japan amayambira pa 76 n'kulekeza pa 90 MHz, pomwe ma transmitter ambiri amayambira pa 87.5 mpaka 108. Ndiye kuti awiriwa amakumana pakati pa 87.5 ndi 90 pokha. Mukaika pa 100, wailesi yotere siimva kanthu ngakhale mutatani.

Ngati anakuikirani band expander kuti muzikola masiteshoni akwathu kuno, nambala yooneka pa wailesi singafanane ndi ya pa transmitter. Sakani pang'onopang'ono mpaka nyimbo imveke.

Sankhani nambala yomwe palibe siteshoni, pongomveka mphepo. Dziwaninso kuti nambala yopanda mwini ku Lilongwe mutha kukaipeza ili ndi mwini ku Ntcheu, choncho sungani ziwiri kapena zitatu.

Voliyumu: apa mpomwe ambiri timalakwitsa

Foni ikakhala pansi kwambiri, mumakweza wailesi, phokoso lija limakwera nawo. Ikafika kumapeto, mawu amatha kusweka, ndipo mawu osweka okwezedwa kwambiri amapha masipika. Ikani foni chapamwamba koma osafikitsa kumapeto, kenako muzikweza ndi kutsitsa pa wailesi. Zimitsaninso equalizer ya pa foni. Bass ya pa foni kuphatikiza ya pa wailesi, zitseko zimangonjenjemera, nyimbo osamveka.

Nanga kulira kuja kwa "wiii" komwe kumakwera mukaponda moto? Kumabwera kawirikawiri mukamatchaja foni chingwe cha AUX chili chisomekere. Zulani tchaja mumve kusintha. Kukatha, yesani tchaja ina kapena gulani ground loop isolator.

Nyimboyo payokha

Timakonda mafayilo ang'onoang'ono kuti bandulo isathe. MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ya 320 kbps pafupifupi 2.4 MB. Kusiyana kwake pa nyimbo imodzi nkochepa m'thumba, koma fayilo yofinyidwa kwambiri palibe wailesi ingaikonze.

Zonsezi yesani galimoto ili chiimire pakhomo. Kusaka nambala uku mukudutsana ndi mathiraki pa M1 n'kuseweretsa moyo wanu ndi wa omwe mwanyamula. Ikasokonekera panjira, mupatseni foniyo wokhala pambali panu, kapena imani kaye.