Kodi Ndudu Imathetsadi Nkhawa za Panchito?

Azibambo ambiri amene timawapima BP kucipatala amati nchito ndiyo imawakoketsa fodya: bwana wovuta, malipiro ocedwa, kapena kucezera usiku monga alonda ndi oyendetsa mathiraki pa Great East Road. Amati ndudu imodzi imakhazika mtima pansi.

Zimene zimacitika m'thupi ndi izi. Mu fodya muli mankhwala ochedwa nikotini, amene amafika ku ubongo m'masekondi 10 mpaka 20 munthu akakoka utsi. Pakapita maola awiri, theka la nikotiniyo limakhala litatha m'magazi. Apa munthu amayamba kupsa mtima msanga, kusakhazikika ndi kulephera kuika maganizo pa nchito. Iye amati bwana ndiye wamusokoneza, pamene thupi likungopempha nikotini wina. Ndudu yotsatira imatonthoza cilakolakoco, osati vuto la panchito. Mtima umagunda mofulumira, BP imakwera, ndipo ngongole ikali pomwepo. Amayi okonda nsunko asaseke, nikotini wake ndi yemweyo.

Mukaleka, masiku atatu oyamba ndiwo owawa, koma pakatha milungu iwiri mpaka inayi thupi limazolowera. Kafukufuku wofalitsidwa ku Britain mu 2014 anapeza kuti oleka fodya amakhala ndi nkhawa zocepa kusiyana ndi opitiriza.

Cilakolako cikabwera cimatha m'mphindi zocepa. Tulukani panja monga kale, koma imwani madzi ndi kuyenda pang'ono. Inu a panyumba, pirirani ukali wa bambo mlungu woyambawo.