Zilombo za pa TV Yakale: Ndani Anali M'kati Mwake?

Ana inu, masiku ano chilombo cha mufilimu amachijambula pa kompyuta. Chimauluka, chimalavula moto, chimameza nyumba yathunthu, wojambula ali phee pampando. M'zaka za m'ma 1960 zinthu sizinali choncho. Chilombo ankachita kuchisoka, kuchikhoma ndi kuchipaka penti, kenako munthu n'kulowa m'kati mwake. Komatu ana a nthawi imeneyo ankachita mantha enieni. Ku Britain, agogo ambiri amakumbukirabe mmene ankaonerera pulogalamu ya Doctor Who atabisala kuseri kwa sofa, akungosuzumira ndi diso limodzi.

Doctor Who inayamba kuonetsedwa pa BBC pa 23 Novembala 1963. Ndi nkhani ya mlendo wina wodabwitsa wotchedwa Doctor, amene amayenda m'chombo chake cha TARDIS kupita ku mapulaneti ena, ku nthawi zamakedzana ndi zam'tsogolo. Mkulu woona za masewero, Sydney Newman, ankafuna kuti pulogalamuyi iziphunzitsa ana sayansi ndi mbiri yakale, ndipo anakaniratu zoikamo zilombo za maso otong'oka. Koma mayi amene ankayendetsa ntchitoyo, Verity Lambert, analimba mtima. Mu Disembala chaka chomwecho, ma Dalek anatulukira.

Dalek amaoneka ngati mgolo wachitsulo wotambalala kumunsi. Ali ndi diso limodzi lokhala pakandodo, mfuti, ndi dzanja limodzi. Dzanjalo mukaliyang'anitsitsa muona kuti ndi kachipangizo ka mphira kaja kopopera sinki ikatsekeka! Ndalama zinali zochepa, ndiye ankagwiritsa ntchito zomwe zinalipo. Wolemba nkhaniyo, Terry Nation, sankafuna kuti miyendo ioneke, chifukwa mwana akangoona miyendo amadziwa kuti ndi munthu wangovala. Choncho Raymond Cusick anakonza chigoba chofika pansi. M'kati munkakhala munthu pakampando, n'kumakankha ndi mapazi, timatayala tikugudubuzika. Mawu ankalankhulidwa ndi munthu wina amene anali pambali, ndipo ankawadutsitsa m'makina owachititsa kukhala aukali, onjenjemera.

Nanga chinthu chopangidwa motere chingaopse bwanji dziko lonse? Yankho lili pa zimene Terry Nation anaona ali mwana. Iye anabadwa mu 1930 ku Cardiff, mzinda umene ndege za Germany zinaponyamo mabomba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anakula akumva za chipani cha Nazi, chimene chinkapha anthu chifukwa choti ndi a mtundu wina. Ma Dalek ali ndi mtima womwewo: chilichonse chosafanana nawo amafuna kuchifafaniza. Ndipo m'nkhaniyo, pulaneti lawo la Skaro linawonongeka ndi nkhondo ya mabomba a nyukiliya, moti m'kati mwa chigoba chija muli kanyama kofooka, kopunduka ndi poizoni wa mabombawo. Chaka chimodzi chokha m'mbuyomo, mu Okutobala 1962, America ndi Soviet Union anatsala pang'ono kuponyerana mabomba otere pa mkangano wa ku Cuba. Makolo amene ankaonera limodzi ndi ana awo ankadziwa bwino chimene Dalek akuwakumbutsa.

Mu 1966 kunabwera ma Cyberman. Anawaganizira ndi Kit Pedler, dokotala wofufuza za maso, pamodzi ndi Gerry Davis. Nthawi imeneyo madokotala anali atayamba kuika ziwalo zochita kupanga m'matupi a anthu, ndipo Pedler ankadzifunsa kuti: munthu akasinthidwa chiwalo ichi, mawa icho, mkuja china, adzakhalabe munthu? Ma Cyberman anali anthu ngati ife, a pa pulaneti la Mondas. Anasintha matupi awo pang'onopang'ono ndi zitsulo ndi pulasitiki, pomaliza n'kuchotsa chikondi, chisoni ndi mantha. Oyambirirawo nkhope zawo zinali zansalu, koma manja anali a munthu weniweni, ndipo kwa ine zimenezi n'zimene zimachititsa nthumanzi kwambiri. Ndinene pano kuti mwendo wochita kupanga ndi chinthu chabwino zedi, umathandiza munthu kuyendanso. Chimene Pedler ankaopa ndi kutaya mtima womvera ena chisoni.

Ku Japan nako, mu 1966 kunayamba pulogalamu ya Ultraman, ya Eiji Tsuburaya, katswiri yemwe anathandiza kupanga filimu ya chilombo chotchedwa Godzilla mu 1954. Kumeneko zilombo zinali zazitali kuposa nyumba zosanja. Munthu ankavala chovala cholemera cha mphira n'kumapondaponda timizinda tating'ono tochita kumanga. Kamera inkajambula mothamanga, ndiye poonetsa zinthu zinkayenda pang'onopang'ono, chilombo n'kumaoneka cholemera koopsa. Anthu a ku Japan, amene mizinda yawo ya Hiroshima ndi Nagasaki inapserera ndi mabomba a atomiki mu 1945, sankafunika kuuzidwa mmene mzinda umagwera.

Koma chilombo chimene ndikufunitsitsa kuti muchidziwe ndi Horta, wa mu pulogalamu ya Star Trek ya ku America. Nkhani yake inalembedwa ndi Gene L. Coon ndipo inaonetsedwa mu 1967. Pa pulaneti la Janus VI, anthu ogwira ntchito mumgodi akuphedwa mmodzimmodzi ndi chinthu chokwawa mumdima, chimene chimasungunula thanthwe n'kudutsamo. Mfuti wamba sizichilasa, chifukwa thupi lake ndi la silikoni, chinthu chimene chimapezeka mumchenga ndi m'miyala. Kaputeni Kirk ndi mnzake Spock akubwera kudzachisaka, ndipo aliyense woonera akudikira kuti chiphedwe.

Mumgodimo muli timipira tambirimbiri tosalala, timene okumba akhala akutiphwanya poganiza kuti ndi miyala yachabechabe. Spock ali ndi luso lolumikiza maganizo ake ndi a cholengedwa china, ndiye akugwira Horta, yemwe wavulazidwa pa kusakako, n'kumva ululu wake wonse. Apa ndi pamene zikudziwika: timipira tija ndi mazira, ndipo Horta ndi mayi. Pakatha zaka 50,000 zilizonse, mtundu wake wonse umafa, kumangotsala mmodzi woti alere mazirawo. Iye sankapha chifukwa cha nkhanza. Ankateteza ana ake kwa alendo amene anamulowera m'nyumba. Tangoganizani, anzanga, mmene okumba aja anamvera atauzidwa zimenezi, zibonga zili m'manja.

Dokotala McCoy, mnzawo wa Kirk ndi Spock, amene anazolowera kuchiza anthu a mnofu ndi magazi, anamata bala la Horta ndi simenti yapadera, ndipo linapola. Kenako anapangana: Horta ndi ana ake aziboola njira m'thanthwe, anthu azitola miyala yamtengo wapatali osakhudzanso dzira ngakhale limodzi. Amene ankakwawa pansi pa chovala cha mabamphumabamphu chija anali Janos Prohaska, katswiri wosewera ngati nyama, ndipo chovalacho anachipanga yekha.