Dzuwa ndi lathu, koma zipangizo ndi za eni

Kuno kwa Malenga Chanzi dzuwa silisowa, n'chifukwa chake anthu amandifunsa kuti magetsi amazimiranji pomwe m'boma lathu la Nkhotakota muli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 21. Ndimawayankha kuti magetsiwo si athu tokha. Amalowa m'mawaya a ESCOM n'kugawidwa dziko lonse.

Tinathamangira dzuwa chifukwa kudalira Shire yekha kunatipweteka. Malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pamtsinje umodziwu, ndipo namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, tinataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi.

Koma taonani eni zipangizo. Malo a mamegawati 60 ku Salima anamangidwa ndi a JCM Power a ku Canada. Mapanelo ambiri padziko lapansi amapangidwa ku China, ngakhale kapanelo kaja msodzi wa usipa amakayanika padenga la udzu kuti atchaje batire la nyali zake. Zonsezi timagula ndi madola, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtolo unalemera kwa boma ndi msodzi yemwe. Nawo mawaya ochokera ku Matambo ku Tete kufika ku Phombeya akutimangirira kwa anzathu a ku Mozambique.

Chimandiwawa kwambiri ndi graphite wa ku Kasiya, amene opanga mabatire akumufuna. Pokambirana ndi a Sovereign Metals, omwe akufuna kukumba kumeneko, boma liumirire kuti ntchito yoyenga ichitikire konkuno, ana athu aphunzirepo luso.